Tamandani Chishango cha m'Chigafa

Pa chizindikiro cha boma la Malawi pali chishango. Mkango wachigwira mbali iyi, kambuku wachigwira mbali inayo, pamwamba patera nkhwazi. Chishango chimenecho n'chodala: sichinyowa, sichinunkha, khoswe sanachilaweko. Chimayenda pa pasipoti ndi pa makalata a m'maofesi, aliyense akuchipatsa ulemu. Ine ndaimirira kuti nditamande chinzake chimene palibe anachilembapo m'nyuzi, chishango chenicheni cha chikopa cha ng'ombe, chopachikidwa m'chigafa cha aneba anga kuno kwa Chisemphere, pakati pa fodya wa burley.

Inu a m'mudzi muno simusowa kuuzidwa, mphuno zanu zinakuuzani kale. Miyezi ya dzuwa chishangochi chimakhala chofatsa, chouma gwa, chosunga ulemu wake. Koma chikangomva chinyezi cha mu Febuluwale chimakumbukira kuti chinali ng'ombe, ndipo kukumbukirako kumafika mpaka pakhonde panga nthawi ya nsima. Azungu anapanga mizinga yofuna munthu woiwombera. Ife tili ndi chida chothamangitsa mdani chili chipachikire, mwini wake ali kudimba, bola mphepo ichokere kum'mawa.

Onyoza amati sichinapiteko kunkhondo. Bodza lamkunkhuniza. Nkhondo yake yoyamba inali ndi ntchentche, pamene aneba anagula chikopa kwa opha ng'ombe pamsika, n'kuchikhomera pansi ndi zikhomo, kuchipala, kuchidula, kuboola mizere iwiri pakati, kulukamo timizere ta chikopa chomwecho ndi kulowetsa ndodo kumbuyo. Yachiwiri inali ndi galu wa kwa agogo a kumtunda, amene anachikokera kuseri kwa bafa n'kudya ngodya ya kumanzere. Kuchokera pamenepo chimalimbana ndi makoswe usiku uliwonse, ndi chiswe chokwera mizati, ndi njenjete zimene zachimeta mpaka pakati pachita dazi. Musazichepetse nkhondo zimenezi. Ngakhale kwa Azulu, zishango za nkhondo zinali chuma cha mfumu, ndipo ankazisunga m'tinyumba tomangidwa m'mwamba pa mitengo kuti makoswe ndi chiswe zisazifikire. Mafumu amene mitundu inkawanjenjemera ankadziwa kuti khoswe sasewera naye.

Mwini chishango, pafupifupi chaka chonse, ndi mlimi wamba. Amafesa nazale, amathirira ndi keni m'mawa ndi madzulo, mvula ikagwa amaokera, kenako kuthyola, kusoka, kupachika, kusankha masamba, kudinda mabelo pa jeke, kudikira lole ya ku Chinkhoma. Ndi munthu wofatsa, mkulu wa mpingo, wopereka moni ndi manja awiri. Koma belo lomaliza likangokwera lole, munthu uja amasowa, m'nyumba mwake n'kutuluka impi, msilikali wa Chingoni.

Amene simunakhalepo moyandikana ndi ovina ingoma mumayesa chovuta ndi kulira kwa ng'oma. Gule ameneyu saimbira ng'oma. Amayi amaomba m'manja n'kumaimba, abambo amaponda pansi onse nthawi imodzi, di! di! mangenjeza akumiyendo akuyankha. Bwalo lawo lophunzirira lili kuseri kwa khitchini yanga. Fumbi limatera m'ndiwo, dothi limagumuka kukhoma, nkhuku yanga ina inasiya mazira ake n'kukafungatira kwa eni. Ndimadandaula ndithu, mudzi wonse ndi mboni. Kungoti dzuwa likapendeka iwo osayamba, ndimapezeka ndatulutsa mpando panja, ati kufuna kamphepo.

Musaganize kuti nthendayi ndi ya kuno kokha. Ku England, mwezi wa Okutobala, anthu a ntchito zawo zabwinobwino amavala malaya a unyolo ndi zisoti zachitsulo n'kusonkhana pa malo otchedwa Battle kukabwereza nkhondo ya Hastings ya mu 1066. Chaka ndi chaka Mfumu Harold amaphedwa, William wa ku Normandy amapambana, kenako onse awiri amakamwa tiyi. Ku Poland mu Julaye amachita zomwezo ndi nkhondo ya Grunwald ya mu 1410. Koma anzathuwo ntchito yawo njopepuka, poti aliyense amadziwa mbali yake. Wosewera Harold amadzuka m'mawa akudziwa kuti lero afa.

Aneba anga alibe mwayi umenewo, ndipo apa m'pamene pagona ukulu wa chishango chawo. Bambo awo anali Mngoni wotsika ku Mzimba, pajatu Jenda ndi apa. Mayi awo anali Mchewa wa konkuno. Kwa Angoni mwana ndi wa kwa bambo. Kwa Achewa mwana ndi wa kwa mayi, mbumba ya amalume. Mbali zonse ziwiri zili ndi umboni wokwanira, ndipo palibe imene inagonja pa mlanduwu.

Tsono mbiri imati Zwangendaba anawoloka Zambezi mu Novembala 1835, tsiku la kadamsana, n'kukafera kutali ku Ufipa, m'dziko limene lero ndi Tanzania. Ana ake anagawikana, a M'mbelwa n'kudzakhazikika ku Mzimba cha m'ma 1850. Kuchokera kumeneko ankatsikira m'zigwa zino kudzatenga ng'ombe, chakudya ndi anthu. Achewa a Mwase sanakhale manja lende. Anali ndi malinga, anali ndi mfuti zosinthanitsa ndi minyanga ya njovu kwa amalonda a ku Nkhotakota, ndipo anagonjetsa gulu la Nawambe kufupi ndi phiri la Kasungu. Dzina la nyumba ya Kamuzu kumeneko, Nguru-ya-Nawambe, likukumbutsa za nkhondo imeneyo.

Ndiye taganizani. Aneba akadumpha, mkondo uli m'mwamba, maso ali psuu, akuthamangitsa yani? Agogo awo akuchikazi. Akanyonyomala kuseri kwa chishango, akuzinda chipolopolo cha yani? Cha amalume a mayi awo. Munthu mmodzi yemweyo ndiye wolanda ng'ombe, ndiyenso wolandidwa. Ndiye wozinga linga, ndiyenso ali m'kati akusuzumira pa kabowo. Mwendo wa kumanja ukaponda mwa ukali, wa kumanzere umayenera kuthawa, koma iwo anaiphunzitsa kuponda pamodzi. Chishangochi chimatchinjiriza munthu kwa iye mwini, ntchito imene palibe chitsulo cha ku Hastings chinaigwirapo.

Ndinawafunsa tsiku lina: “ANgoni, pa Nawambe paja munapambana kapena munagonja?”

Anayang'ana kumwamba, n'kukanda ndevu. “Achimwene, zimatengera amene wagula mowa.”

Mwezi wa Ogasiti ndiye umaulula zonse. Amanyamuka ulendo wa ku phiri la Hora ku mwambo wa Umtheto, kukafuula “Bayethe!” pamaso pa Inkosi ya Makosi M'mbelwa, n'kubwerako mawu atasasa, nkhani zonse zili za nyama. Mwezi womwewo usanathe, thumba likalola, amavala malaya a chitenje n'kukwera lole ya ku Mkaika, ku Katete m'dziko la Zambia, kukalambira Kalonga Gawa Undi pa Kulamba. Uku ndi mwana wa mnyumba, uko ndi mwana wa mnyumba. Ndipo sali okha, poti gulu la Zwangendaba linkakula ndi anthu otengedwa m'njira: Akaranga, Ansenga, Achewa, Atumbuka. Chingoni chenichenicho chinatsalira kwambiri m'nyimbo, anthu n'kumalankhula Chitumbuka. Aneba amaziimba nyimbozo ndi chifuwa chonse. Mukawafunsa tanthauzo amakuyang'anani mwachifundo, amvekere: “N'zakuya zimenezi, simungazimve.”

Kunena zoona chishango chinapuma pantchito kalekale. Mwase anagonja kwa Angerezi kumapeto kwa 1895, Gomani anaphedwa mu 1896, Mpezeni anagonja mu 1898, ndipo a ku Mzimba analowa mu ulamuliro wa atsamunda mu 1904 popanda kumenyana. Zaka zoposa 120 chili pa penshoni, koma chimadzukabe kupita kuntchito. Ndi angati m'maofesi angachite zimenezo?

Za zovala ndingodutsamo mwachangu, poti ena tili nazo chifukwa. Chikopa cha kambuku n'chosayerekezeka masiku ano. Lamulo la nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017, chilango chake chimatha kufika zaka 30 kundende, ndipo paki ya Kasungu si kutali. Choncho kambuku wa aneba anachokera pa kaunjika, anali bulangete la mawangamawanga. Zam'chiuno ndi zikopa za mbuzi. Mkondo anasula wowotcherera zitsulo. Nthenga za kumutu sindinena kumene zinachokera, koma tambala wanga wofiira anayenda wopanda mchira mpaka Khirisimasi. M'kati mwa zonsezi muli kabudula wa mpira, ndipo m'thumba la kabudulayo muli foni. Inalira tsiku lina gule ali pachimake, mudzi wonse n'kumva impi ikuyankha: “Halo? Ndili pankhondo, ndikuimbirani.”

Alamu anga, mayi a kunyumba kwawo, ndiwo okha anazindikira mphamvu ya zida zimenezi. Mkondo amathyolera mapapaya. Chibonga amakhomera zikhomo za mbuzi. Chishango amatsamiritsa pa njerwa kuti anapiye azibisalamo kabawi akamazungulira, ndipo chaka chimenecho sanatayeko mwanapiye ndi mmodzi yemwe. Mwini wake atamva anakwiya masiku angapo, osadya nawo nsima ya masana. Ine ndimati akanayenera kunyadira, chifukwa aka kanali koyamba kuti chishangocho chipulumutse moyo.

Paulendo ndiye chimaonetsa ulemerero wake wonse. M'minibasi sichikwana pamiyendo, pansi pa mpando sichilowa, ndipo kondakitala amafuna chilipire ngati munthu. Pa rodibuloko wapolisi amasuzumira: “Madala, mkondowu ngwa chiyani?” Iwo: “Ngwa chikhalidwe, bwana.” Wapolisi amanunkhiza kamodzi, n'kuuza dalaivala kuti azipita msanga.

Koma pali ulendo wina umene nthabwala zimandithera. Kukakhala kutsegulira mjigo, kapena kuika mwala wa maziko a mlatho umene tonse tikudziwa kuti sudzamangidwa, uthenga umabwera woti gulu la ingoma lifike 8 koloko m'mawa. Amafika, ena ndi madala a zaka 70, chifuwa chili pamtunda, m'mimba mulibe kanthu. Bwana amatulukira 2 koloko masana ndi mdipiti wa galimoto. Woyendetsa mwambo amalengeza kuti chifukwa cha nthawi gule aliyense avine mphindi 3. Kenako bwana amalankhula ola lathunthu za kufunika kosunga chikhalidwe chathu. Akamaliza amabwereka chishango kuti ajambulitse, amachigwira chozondoka, n'kupukuta m'manja ndi kansalu. Okhala m'tenti amasainira alawansi. Ovina amalandira Sobo wosungunula mpaka kutsala mtundu wokha, ndi banzi limodzi anthu awiri. Ya thiransipoti akuti adzatumiza pa foni, ndipo foni ija, imene imalira ngakhale pakati pa nkhondo, pa nkhani iyi yokha ili duu.

Mdala wina wa m'gululi, amene ankadziwa nyimbo zimene anzake sazitha, tinamuika m'manda dzinja lapitali. Mafoni onse a m'tenti aja, ojambula bwana akutsokomola, palibe ndi imodzi yomwe inapita pakhonde pake kukamujambula akuimba. Aneba anatolako zochepa, mwina zina amazipotoza, koma ndi iwo okha anavutikira kukhala naye pansi. Amene amalandira malipiro chifukwa cha chikhalidwe anali ku msonkhano kunyanja.

Ndipo inu anyamata a pa shopu yoonetsa mpira, amene mumaseka aneba akamadutsa ndi nthenga kumutu, tadziyang'anani kumsana. Mwavala malaya olembedwa dzina la munthu wa ku London amene sadziwa n'komwe kuti Kasungu ili kuti. Iye akagoletsa mumati “tagoletsa”, akagonja simudya. Aneba nawo amavala za eni, inde, koma eni akewo ndi agogo awo, mbali zonse ziwiri. Inunso amayi a pachitsime, amene mumati bambo wamkulu sangamavale mbuzi, ndani amaimba nthungululu akaponda katatu motsatizana? Mawu anu timawadziwa.

Vuto latsala ndi limodzi, ndipo likundikhudza ine. Chishango chakalamba. Dazi lakula, ngodya ija galu sanabweze, ndipo aneba ayamba kunena kuti chaka chamawa sangakaonekere nacho ku Hora. Ine ndili ndi ng'ombe imodzi, yakuda ya mawanga oyera kumsana. Masiku ano akabwera kudzapereka moni sayang'ana ine. Amaima pakhola, manja kumbuyo, mutu utapendekeka, n'kumaiyeza ndi maso kuchokera paphewa mpaka kumchira.

“Achimwene, ng'ombeyi ikuoneka yotopa. Sikudwala?”

“Ili bwinobwino, aNgoni.”

“Ikadzadwala mudzandiuze ine poyamba.”

Ndikudziwa kuti ndi mkulu wa mpingo. Ndikudziwanso kuti theka lawo ndi Mchewa mnzanga. Koma theka linalo mbiri yake pa nkhani ya ng'ombe za eni ndaifotokoza kale, choncho ndagula loko wamkulu wa pakhola, ndipo kiyi ndimagona naye m'thumba.