Kalumo ka Mlendo m'Chipululu cha Arabia

Mwa miyambi yonse imene makolo anasiya yonena za alendo, palibe umene ukudyetsa anthu ambiri masiku ano kuposa uja wakuti mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, popeza pa mwambi umenewu ndi pamene patsamira ntchito ya akatswiri aganyu ochokera kunja, ankhoswe a mikangano ya mayiko, ndiponso aliyense wotsika ndege ndi chikwama cha mapepala kudzafotokozera eni mudzi za mudzi wawo. Tanthauzo lake ndi lakuti munthu wochokera kwina, chifukwa alibe chibale kapena mangawa pamalopo, angathe kudula nkhani imene yakanika eni ake. Komabe mwambiwu umangoyamikira kuthwa kwa lumo, osanena kuti mutu wometedwawo ndi wa yani, osanena ngati mwini mutu anapempha kumetedwa, ndipo suyerekeza n'komwe kufunsa kumene tsitsi limapita kumeta kukatha.

Mayankho a mafunso amenewa akupezeka m'mbiri ya chipululu cha Arabia m'nthawi ya atsamunda. Kumeneko ufumu unkayezedwa ndi anthu osati nthaka, chifukwa mafuko a abusa oyendayenda, otchedwa Abeduwini, ankasuntha ndi ngamila zawo kutsata zitsime ndi msipu, ndipo fuko linkadziwika kuti ndi la wolamulira wakutiwakuti ngati linkapereka kwa iye zakaati, chopereka cha Chisilamu chimene kumeneko chinkagwiranso ntchito ya msonkho. Motero malire a dziko anali ndi miyendo inayi, ankadya udzu, ndipo mvula ikagwa bwino kumpoto dziko linkakwera chakumpoto n'kudzatsikanso m'chilimwe. Eni ake ankalimvetsa dongosololi, koma kwa Mngelezi woyala mapu patebulo linali mutu wanyankhalala wofunika lumo mwamsanga.

Lumolo linafika ku Uqair, kadoko ka m'mphepete mwa nyanja ya Persian Gulf, kumapeto kwa 1922, m'manja mwa Sir Percy Cox, kazembe wamkulu wa Britain ku Iraq. Ibn Saud, amene panthawiyo anali Sultan wa Najd, anaumirira kuti malire azitsata mafuko, nthumwi ya Iraq inaumiriranso zake, mpaka Cox, atatopa ndi masiku angapo a mkangano wa m'mahema, anatenga pensulo yofiira n'kulemba yekha mizere pa mapu. Harold Dickson, msilikali wa Britain amene analipo, anadzalemba kuti Cox anadzudzula Ibn Saud ngati mwana wa sukulu, ndi kuti atamulanda dera lina n'kupatsa Iraq, anamupepesa ndi pafupifupi magawo awiri mwa atatu a dziko limene Kuwait inkati ndi lake. Wolamulira wa Kuwait, Sheikh Ahmad al-Jabir, sanali pamsonkhanopo, ndipo womuimira anali Major John More, wantchito wa boma la Britain lomwelo. Apa luso la kametedwe linafika pachimake, pakuti munthu anametedwa mpala mutu wake uli kunyumba.

Pamene panavuta kwambiri Cox anasiyapo tsumba, ndiko kuti madera awiri opanda mwini mmodzi, lina pakati pa Najd ndi Iraq, lina pakati pa Najd ndi Kuwait, kuti ngamila za mbali zonse zizimwa madzi mosafunsidwa chiphaso. Koma pafupi ndi mahema a msonkhanowo panali hema wa mlendo wina wosaitanidwa, Frank Holmes wa ku New Zealand, amene Aluya anadzamutcha Abu Naft, kutanthauza tate wa mafuta, ndipo iyeyu sanabwere kudzameta koma kudzatola tsitsi. Chimene ankafuna chinali chilolezo cha mafuta, pangano limene wolamulira amalola nalo kampani kufufuza ndi kupopa mafuta m'dziko lake kwa zaka zambiri posinthana ndi ndalama. Mu 1923 Ibn Saud anamupatsa chilolezo cha dera la al-Hasa, koma akatswiri a miyala a nthawiyo, amenenso anali alendo a malumo akuthwa, anakayikira zoti kumeneko kuli mafuta, ndipo chilolezocho chinangofota. Mafutawo anatumphuka m'dera lomwelo, ku Dammam, mu 1938, m'manja mwa kampani ya ku America, chaka chimenenso anapezeka ku Burgan, m'kadera kamene Kuwait inatsala nako, ndipo mu 1953 ngakhale tsumba lija losiyira ngamila pakati pa Kuwait ndi Saudi Arabia, dziko limene Najd inadzakhala mbali yake, linapezeka kuti lamera pamwamba pa mafuta amene anathandiza kulemeretsa wamalonda J. Paul Getty.

Makampani nawo anakopeka ndi mtundu wofiira. Mu 1928 eni a Turkish Petroleum Company anazungulira ndi mzere wofiira dera limene linali la ufumu wa Ottoman, n'kulonjezana kuti palibe adzafufuze mafuta mkati mwake payekha, ndipo Calouste Gulbenkian, amene akuti ndiye analemba mzerewo, anatsala ndi magawo 5 pa 100 alionse, malipiro ooneka ochepa kufikira munthu atafunsa kukula kwa mutu wometedwawo.

Mafuta atadziwika, mchenga umene kale munthu sakanausinthanitsa ndi mbuzi unasanduka cholowa cha makolo a aliyense. Ku Buraimi, malo a madzi ndi kanjedza okhala ndi midzi 9, Saudi Arabia inatumiza Turki bin Abdullah al-Otaishan mu 1952 kukakhala m'mudzi wa Hamasa, pamene Britain inkati midziyo ndi ya Abu Dhabi ndi Sultan wa Muscat, ndipo kumbuyo kwa mbali iliyonse kunali kampani ya mafuta ikunola lumo lake. Chodabwitsa ndi chakuti umboni umene Cox anaunyoza ku Uqair unakhalanso wamtengo wapatali, moti mbali zonse zinasonkhanitsa mabuku akuluakulu ofotokoza fuko limene linapereka zakaati kwa wolamulira uti ndi chaka chiti. Mafukowo, omwe sanali ogona, anazindikira kuti kukhulupirika kwawo kwapeza msika, ndipo palibe wolungama amene angawadzudzule. Bwalo la ankhoswe linakumana ku Geneva mu September 1955, koma linapasuka Sir Reader Bullard, woimira Britain, atatula pansi udindo mkati mwa madandaulo a ziphuphu, ndipo mwezi wotsatira asilikali otsogozedwa ndi Angelezi anachotsa anthu a Saudi Arabia ku Buraimi. Nkhaniyo inadikira mpaka 1974 kuti Saudi Arabia ndi United Arab Emirates asainirane pangano.

Mlendo mmodzi anayesa njira yaulemu. Julian Walker, wantchito wa Britain, anayenda mudzi ndi mudzi m'dera limene lero ndi United Arab Emirates m'zaka za m'ma 1950 akufunsa anthu kuti mfumu yawo ndani, ndipo wometa wofunsa tsitsi lililonse maganizo ake amasiya mutu wa zigamba. Ndiye chifukwa chake mapu a kumeneko ali ndi zinthu ngati Nahwa, mudzi wa Sharjah umene uli mkati mwa Madha, dera la Oman limenenso lazunguliridwa ndi United Arab Emirates.

Amalawi sangaseke mokweza nkhaniyi, chifukwa malire a kumpoto kwa nyanja ya Malawi anametedwa ku Berlin mu 1890, pa pangano la Heligoland pakati pa Britain ndi Germany, limene linawaika pagombe la kum'mawa, ndipo mkangano ndi Tanzania, umene unali utagona kwa zaka zambiri, unadzambatuka Malawi itapereka chilolezo chofufuza mafuta m'nyanjamo kwa kampani ya ku Britain mu 2011. Mayiko awiriwa atalephera kumvana anachita zimene mwambi umalamula, ndipo anaitana alendo otsogozedwa ndi Joaquim Chissano, mtsogoleri wakale wa Mozambique, kuti adzamete mutu umene mpaka lero sunatulutse ngakhale dontho la mafuta ogulitsa.