Achimwene, musagulitse makina owotcherera

Cosmo City, Johannesburg

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino kumudziko: inuyo, alamu, ana, komanso amayi ndi miyendo yawo ija. Ine kuno ndili bwino, kungoti chisanu cha mu Julayi chandikalambitsa. Ndikumagona nditavala jekete yomwe ndinagulira zopita kutchalitchi.

Uthenga wanu wa pa WhatsApp ndaumva. Akuti mukufuna kugulitsa makina anu owotcherera zitsulo, mukwere basi, mudzayambe kuika magiza a gasi m'nyumba za mabwana kuno. Ndaona kuti nkhaniyi njosayenera pafoni. Ndalemba kalata kuti alamu aisunge pabwino, azikuwerengerani mokweza maganizowa akamakubwererani.

Amene anakuuzani kuti ntchitoyi ili ndi ndalama sananame. Mu 2022 ndi 2023 magetsi ankazima kuno moti ndinasiya kusowa kwathu, poti kwathuko kunali kutandilondola. Kusiyana kwake nkwakuti kuno ankazimitsa mwaulemu, motsata ndandanda, ndipo mdimawo ankaupatsa manambala. Ikafika siteji 6, magetsi ankachoka kangapo tsiku limodzi. Mabwana anapirira kudya zozizira, anapirira kusowa TV, koma kusamba madzi ozizira kunawagonjetsa. Aliyense anathamangira gasi.

Luso lanu sindilikayikira. Pa Lizulu ndani sadziwa kuti ngolo zonse zonyamula mbatatesi zikuyendera zigamba zanu? Koma kuno mukangogogoda pageti ndi bokosi la masipanala, funso loyamba ndi lakuti, "Khadi lili kuti?"

Pali lamulo la Occupational Health and Safety Act la 1993, ndipo pansi pake pali malamulo ena a 2009 otchedwa Pressure Equipment Regulations. Amenewa amati munthu asaike kapena kuchotsa mapaipi ndi zipangizo za gasi zomangirira m'nyumba ngati sanalembetsedwe. Kolembetsa kwake ndi ku SAQCC Gas. Umayamba waphunzira, nkuyesedwa, ndiye amakupatsa khadi la chithunzi ndi nambala, ndipo nambalayo aliyense angathe kuifufuza pa intaneti. Wakhadiyo akamaliza ntchito amalemba setifiketi, yomwe anthu onse kuno amangoti CoC. Ngakhale nyumba ikhale yako, giza wagula ndi ndalama zako, sipanala ndi ya malemu agogo ako, sakulola kuika wekha. Chako nkusintha silinda ikatha, basi.

Mwina mukuti awa ndi mapepala chabe. Imvani zimene ndinaona ndi maso angawa.

Bwana woyandikana ndi kumene ndimagwira ntchito ya m'gadeni anagula giza ya gasi. Atamva mtengo wa munthu wakhadi, anati nkuba kumeneko. Anaitana mnyamata wina wakwathu konko, wa cha ku Tsangano, amene chibadwire sanatulutsepo mawu oti "sindingathe". Kufolera denga amatha, kumeta galu amatha, ukamufunsa za kuchotsa dzino amayamba wayang'ana m'kamwa mwako. Usiku anaonera ntchitoyo pa YouTube, kutacha anali injiniya. Ndipo kunena zoona giza inayaka, madzi anatentha, dona anamveka akuimba m'bafa. Mnyamata uja anagula nsapato zosongoka, kutchalitchi anasamukira pa benchi yakutsogolo.

Zinthu zinayenda bwino mpaka pamene bwanayo anaganiza zogulitsa nyumba kuti asamukire ku Cape Town. Kuno nyumba ya mapaipi a gasi ikamasintha mwini, loya amafuna setifiketi ija. Bwana anafufuza m'madirowa monse, anangopeza lisiti la giza ndi nambala ya foni ya mnyamata wathu. Panalibe kuchitira mwina, anaitana wakhadi yemwe uja anamuthawa. Tsiku limenelo ine ndinapezeka ndikudula mpanda wa maluwa wa mbali imeneyo. Mpandawo unali wodula kale, koma ndinaudulabe.

Wakhadi anatsika m'galimoto ndi tepi yoyezera. Masilinda anali pafupi ndi khomo la khitchini kuti dona asamavutike. Tepi inati ayi, pafunika mita imodzi kuchokera pa khomo kapena windo. Pambali pake panali dzenje lolowera madzi oipa. Tepi inati mamita 2. Chapatsogolo pang'ono panali pampu ya dziwe losambiramo. Tepi inati mamita 5. Kenako anafika pa paipi. Lamulo limafuna paipi ya labala yopangidwira gasi, yosapitirira mamita 2, yopanda mfundo pakati, yosadutsa m'khoma, ndipo kwina konseko pazikhala paipi yolimba monga ya kopa. Injiniya wathu anali atadula paipi yothiririra maluwa, nkuipititsa pa bowo la m'khoma, molumikizira namangamo ndi mphira wa chubu cha njinga. Achimwene, mfundoyo inali yokongola. Ndinaona dzanja lakwathu, mtima unanyada pang'ono.

Wakhadi anathira madzi a sopo pamfundopo. Panafufuma thovu lokwana kuchapira banja lonse. Anafunsa mnyamatayo kuti kodi atamaliza anayesa bwanji ngati gasi sakutuluka. Iye anati, "Ndinanunkhiza, bwana." Wakhadi anagwedeza mutu. Mnyamata ataona kuti yankho laperewera, anawonjezera kuti, "Kenako ndinayatsa machesi kuti nditsimikize." Bambo uja anatembenuza ndowa nkukhalapo. Anapempha madzi akumwa.

Mtima utakhala m'malo, anatifotokozera chifukwa cha manambala onsewa, ndipo ine ndinatsamira pampanda kuti ndimve bwino. Gasi wa m'masilinda ndi wolemera kuposa mpweya. Akatuluka sauluka ayi, amatsetsereka ngati madzi a mvula ofuna dambo, nkukadikha m'dzenje kapena pansi pa chitseko, kudikira kuti pampu ithetheke kapena wina ayatse fodya. Fungo lomwe mnyamata wathu ankadaliralo amachita kuthiramo dala kuti anthu azindikire msanga, koma mphuno ikagona nalonso latha ntchito. Nchifukwa chake m'fulati salola silinda yoposa makilogalamu 9, ndipo m'nyumba yoima payokha malire ndi 19. Giza ikakhala m'kati yopanda chumuni imatulutsa mpweya wopanda fungo, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'chipinda chotseka. Anthu kuno sanaiwale za ku Boksburg pa 24 Disembala 2022, pamene thanki yonyamula gasi inakakamira pansi pa mlatho nkuphulika, ndipo anthu oposa 40 anafa. Atatchula zimenezi, pampanda paja kuseka kunatha.

Chomwe chinamaliza bwana ndi nkhani ya inshuwalansi. Anamuuza kuti nyumbayo ikanapsa, a inshuwalansi akanatha kukana kulipira pongoona kuti CoC palibe. Nkhope inafiira, inayera, inafiiranso. Zonse anazula, nkuyambiranso. Analipira wotchipa, analipira wodula, anagulanso paipi ina yothiririra maluwa. Safunsa anadya phula. Mnyamata wathu pano akuti wasankha kukhazikika pa za agalu.

Musaganize zoti mungazembere ku Mangalande. Mwana wa azakhali amene ali ku Leicester akuti kumenekonso wogwira ntchito ya gasi molipidwa amayenera kukhala m'kaundula wotchedwa Gas Safe Register, amene anayamba mu 2009. Azungu pa nkhani ya gasi anachita kupangana.

Ndiye malangizo anga ndi awa. Makina aja asachoke pakhonde. Ngati mtima wa gasi ukukuvutanibe, njira ilipo, koma imadzera m'kalasi, ndipo inu ndi kalasi munasiyana mosatsanzikana. Komanso musanafike pa khadi la gasi pali mapepala a inu mwini, ndipo imeneyo ndi kalata ina yaitali kuposa ino. Mukabwera lero, ntchito imene ndingakupezereni ndi yogwira kumapeto kwa tepi, wina akuwerenga manambala. Munthu amene pa Lizulu amakuitanani kuti abwana amisiri, simungathe sabata musanakangane naye wakhadiyo.

Ndatumiza kangachepe pa Mukuru. Mugulire amayi mafuta opaka miyendo, yotsalayo ndi ya fizi ya mwana wamkulu, osati ya tikiti ya basi. Alamu ndawauza kale kuchuluka kwake. Wina akamabwera kuno mumupatsire usipa ndi kaufa koyera.

Amayi anafunsa ngati ndikusamba madzi otentha m'chisanu chino. Muwauze kuti inde, asadandaule. Za magiza ndikuzidziwa mpaka malamulo ake, mamita onse ndinaloweza pamtima. Koma madzi anga ndimatenthetsa m'ketulo, nkuthira m'beseni, ndipo beseni mpaka pano boma la kuno silinalifunsepo setifiketi.

Moni kwa onse.

Ndine mng'ono wanu,
wa ku Joni