Mfuko walipira chindapusa

Ku Manjawira, m'mbali mwa msewu wa M1, mfuko alibe bwenzi. Amadya chinangwa ndi mbatata kunsi, mwini munda ali kalikiliki kunyadira masamba pamwamba. Chonsecho ku England olima ndiwo zamasamba amachita kutolera timilu ta dothi timene mfuko wakwawo amakankha, ati ndi lofewa kale, lopanda zibuluma. Nafenso tingatero: tapani dothilo, sakanizani ndi manyowa owolerana ndi kamchenga, thirani m'thumba la simenti, fesani mpiru. Manyowawo musaumire, paja dothi lochokera pansi chakudya chake n'chochepa.

Tsono alamu anga akuti wakubayo walipira. Chinangwa mizere itatu, chindapusa chake ndowa imodzi ya dothi la m'munda mwawo momwemo! Kwa amfumu mlandu sungathe chonchi.