Buku lako ndi ilo lili m'mutu, la m'kabati ndi la chiswe

Akale anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Iwo ankanena za fodya wonunkhiza, koma mwambiwu ukadabadwa lero ukadaloza mabuku. Lowani m'nyumba zambiri za a kwathu ochokera ku Malawi kuno ku Midlands m'dziko la Zimbabwe, kuyambira pa Somabhula, pomwe njanji ya ku Rutenga imapatukana ndi ya pakati pa Gweru ndi Bulawayo, mpaka m'makomboni a Shurugwi ndi Zvishavane. Pabalaza pali kabati ya galasi. Pamwamba pake mbale zodikira alendo amene sanafikebe chigulireni, pansi pake mabuku ondandalikidwa ngati asilikali, kiyi ali m'chikwama cha mayi. Mwini nyumba amawaloza monyadira nati, "Onsewa ndi anga." Ayi bambo, anu ndi okhawo munawerenga. Enawo mukungosungira eni ake.

Eni akewo ndi odziwika. Woyamba ndi chiswe, wowerenga wakhama kuposa tonse, amene amayamba tsamba lomaliza n'kukatulukira pachikuto osadumpha mzere. Wachiwiri ndi mbewa, imene imasandutsa dikishonale chisa cha ana ake. Wachitatu ndi mlamu wobwereka "mpaka Loweruka", osatchula Loweruka la chaka chiti. Wachinayi ndi agogo a chingambwe, amene anazindikira kalekale kuti tsamba lopyapyala limapichira bwino. Apo ndiye mwambi umakwaniritsidwa wonse: buku lasanduka fodya, fodyayo wapita ndi mphepo. Tsono yerekezani ndi makolo amene anabwera kudzakumba kromu ku Selukwe (Shurugwi wa lero), asibesitosi ku Shabani (Zvishavane wa lero) ndi golide ku Globe and Phoenix ku Que Que. Ambiri analibe kabati. M'bokosi lachitsulo munali Buku Lopatulika, lomwe linatuluka lathunthu mu 1922, ndi buku la nyimbo, basi. Chikuto chothothoka, msana wosokedwa ndi ulusi, masamba akuda ndi thukuta la zala. Mabuku awiri okha, koma onse ali pamphuno.

Wina atsutsa kuti buku ndi chuma, liwerengedwe kaya lisawerengedwe, ndipo m'dziko lino mawu amenewo sangasekedwe. Amene anasunga ndalama mu 2008 anaona mitengo ikusintha asanafike pakauntala, ndipo chaka chotsatira kunatuluka pepala la madola 100 trillion lomwe lero alendo amagula ngati chikumbutso. Ng'anjo za fakitale ya zitsulo ya Zisco ku Redcliff zinazima, koma buku silinatayepo ziro ngakhale mmodzi monga zinachitira ndalama. Zonsezi n'zoona. Komabe nkhokwe imene mwini wake satapamo imadyetsa anankafumbwe, ndipo palibe anakhutapo chifukwa choyang'ana denga lake. Chuma cha m'buku chimaoneka pokhapokha latsegulidwa. Likatsekedwa, ntchito imene lingagwire ndi kuchirikiza mwendo wa tebulo logwedera.

Wina anena kuti zonse zili pafoni masiku ano, ndiponso adzukulu amalankhula Chishona ndi Chindebele, nanga mabuku a Chichewa n'kuwasungiranji? Foni imafuna magetsi ndi bandulo, ndipo ziwirizi zimakonda kutha tsiku limodzi, pomwe buku limangofuna kuwala kwa pakhonde. Za chilankhulo, malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 anaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Ndi ulemu waukulu, komatu nawonso ndi fodya wa pachala ngati mwana sanamvepo chiganizo chathunthu cha Chichewa kupatula pomukalipira. Nthondo, buku la Samuel Josia Ntara la 1933, kapena Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe, likawerengedwa mokweza madzulo nsima ikuphikidwa, lichita zimene ndime ya malamulo singachite. Mwana aseka matchulidwe, afunsa tanthauzo, mawa aliba n'kukawerengera kuseri. Wakuba wotere ngofunika kumusiyira kabati yotsegula.

Choncho sindikunena kuti tileke kugula mabuku. Fodya amafunanso kabotolo kake, ndipo nyumba yopanda buku n'kumene mphepo imapeza palibe n'chouluza chomwe. Ndikunena kuti kuchuluka kwa mabuku kusatinamize. Khumi othothoka ndi manja aposa zana onyezimira kuseri kwa galasi. Aikeni pathabwa lokwezeka kutali ndi khoma lachinyontho, muziwakuntha fumbi, lembani dzina lanu mkati, ndipo mlamu akabwereka mumuuze kuti abwere adzafotokoze zimene wapezamo. Inu a kabati, pemphani kiyi kwa mayi usiku uno, mutulutse buku limodzi muyambe tsamba loyamba, chiswe chisanakutsogolereni.