Bwanji Tsiku Loyera Silikhala ndi Dzina?

Inu amene mumadziwa masewero a baseball a ku America, tandithandizeni. Malamulo akuluakulu ndawamva. Wina amaponya mpira, wina amaumenya ndi ndodo, ndipo akaumenya bwino amathamangira pa base yoyamba. Omenya atatu akatulutsidwa, matimu amasinthana. Timu iliyonse imamenya maulendo 9, otchedwa ma inning, kotero masewero athunthu amafuna kuti anthu 27 atulutsidwe. Zimenezi sizinandivute. Chandizunguza mutu ndi munthu uja amalowa masewero ali mkati.

Ndinamuona pa kanema usiku wina. Woponya woyamba atatopa, kochi anatuluka pang'onopang'ono, nakweza dzanja kuloza kumapeto kwa bwalo. Kumeneko kuli kampanda kotchedwa bullpen, ndiko kuti khola la nkhunzi. Kachitseko kanatseguka, mwamuna wina nkutuluka akuthamanga, golovesi m'khwapa. Anaponya mipira ingapo yotenthetsa mkono. Womenya woyamba anamenya mpira wokwawa pansi, anamutulutsa asanafike. Wachiwiri anaphonya katatu. Wachitatu anaukweza m'mwamba, wina nkuuwakha ataima chilili. Mphindi zisanu sizinakwane. Mwamuna uja anabwerera chozolika, nakakhala pa benchi, nakulunga mkono ndi thaulo. Owulutsa masewero anali atayamba kale kukamba za munthu wina.

Funso langa loyamba nali. Ngati ntchito ya munthuyu nkuletsa anthu kufika pa base, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe wafika, kodi si ndiye kuti waigwira yonse? Nanga bwanji tsiku lotere lilibe dzina lomwe anthu amalitchula ndi ulemu?

Dzina lomwe ndimamva ndi save, lomwe linayamba kulembedwa movomerezeka mu 1969. Mariano Rivera wa ku Panama, amene anasewera ndi New York Yankees kuyambira 1995 mpaka 2013, ali ndi ma save 652, ndipo palibe womuposa. Trevor Hoffman ali ndi 601. Ndikuwalemekeza onse. Koma ndamva kuti munthu angalowe timu yake ikutsogola ndi zigoli zitatu, nkulola anthu kudzaza ma base, nkulola zigoli ziwiri, mtima wa aliyense uli m'mwamba, koma akangotsiriza masewero amapatsidwa save. Mnzake amene anayeretsa inning ya 7 osalola kanthu sapatsidwa save. Kodi mphoto ndi ya kugwira bwino ntchito, kapena ndi ya kukhala wotseka chitseko?

Tsono ndinati bwanji tingowerenga tokha masiku oyerawo pa moyo wonse wa woponya. Apa ndinakumana ndi vuto lina. Jesse Orosco, wamanzere, analowa m'masewero 1,252 pakati pa 1979 ndi 2003, kuposa woponya wina aliyense. Atakula, kawirikawiri ankamuitana kuti athane ndi womenya mmodzi yekha wamanzere, kenako nkumuchotsa. Akamutulutsa mmodziyo, ndiye kuti palibe wafika pa base. Kodi tsiku limenelo lilingana ndi la munthu amene watulutsa atatu, kapena asanu ndi mmodzi? Mtima wina ukuti ayi, thumba la chimanga silifanana ndi mbale. Mtima wina ukuti inde, chifukwa mmodzi uja ndiye anali woopsa kuposa onse, ndipo nchifukwa chake Orosco ankaitanidwa. Komanso kuyambira 2020 lamulo limati woponya akalowa akumane ndi omenya osachepera atatu, pokhapokha inning itatha. Ndiye anyamata a lero tiwayerekeza bwanji ndi Orosco, pamene mpata wa munthu mmodzi uja unachepa chotere?

Palinso china. Woponya akayamba masewero yekha nkutulutsa anthu onse 27 motsatizana, amati perfect game. Zachitikapo maulendo 24 okha, komaliza ndi Domingo Germán mu 2023, ndipo anzake amamuthamangira nkumukumbatira. Koma mu 2014 Yusmeiro Petit wa ku Venezuela, akusewera ndi San Francisco Giants, anatulutsa anthu 46 motsatizana m'masewero 8, ambiri mwa iwo ngati wolowa pakati. Anaposa 45 ya Mark Buehrle ya mu 2009. Amene anadula mndandandawo ndi Jordan Lyles wa Colorado Rockies, woponya mnzake, osati katswiri womenya. Ndikudziwa kuti 46 ya Petit inalembedwa m'mabuku. Koma kodi 46 si yoposa 27? Kapena kutopa kwa usiku umodzi ndi komwe kumalemekezedwa, osati kudzuka pa benchi milungu ingapo, mkono wozizira, nkukhala wosalakwitsa ulendo uliwonse?

Nkhani yomwe imandipweteka kwambiri ndi ya Ernie Shore. Pa 23 June 1917, Babe Ruth anayamba kuponyera Boston Red Sox polimbana ndi Washington Senators. Womenya woyamba, Ray Morgan, anapatsidwa base yaulere chifukwa woweruza anati mipira inayi ya Ruth inali yolakwika. Ruth anapsa mtima, anakangana naye, anathamangitsidwa, nkumumenya woweruzayo nkhonya. Shore anadzutsidwa pa benchi mosakonzekera. Morgan anayesa kuba base yachiwiri, anamugwira. Kenako Shore anatulutsa anthu 26 otsalawo, mmodzimmodzi, osalola aliyense kuponda base yoyamba. Boston inapambana 4-0.

Kwa zaka zambiri masewerowa ankawerengedwa ngati perfect game ya Shore. Mu 1991 akuluakulu a baseball anakhala pansi, nakonzanso tanthauzo lake, ndipo Shore anachotsedwa pa mndandanda. Chifukwa chake ndachimva: munthu mmodzi anafikadi pa base tsiku limenelo. Koma anamufikitsa ndani? Lero masewerowa amalembedwa ngati ntchito ya anthu awiri, Ruth ndi Shore, amene sanalole mpira womenyedwa bwino ndi umodzi womwe. Ruth sanatulutse munthu ndi mmodzi yemwe tsiku limenelo. Tandiuzeni, abale, dzina lake likutani pamenepo, kutsogolo kwa la Shore?