Anagwa chisankho, nadzuka ali switi

Ku Brazil kunali munthu amene anagwa kawiri pa chisankho cha pulezidenti, koma mpaka lero palibe phwando la tsiku lobadwa la mwana limene limatha osamutchula. Amene anamugwetsa koyamba, Eurico Gaspar Dutra, anapatsidwa ulemu wa msewu waukulu wochoka ku Rio de Janeiro kupita ku São Paulo. Ulemu ndithu, koma sindinamvepo munthu akunyambita zala chifukwa cha msewu.

Wogwayo anali Eduardo Gomes, mkulu wa asilikali a ndege, waudindo wa brigadeiro, ife timati Brigediya. Mu 1945, nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itangotha, asilikali atachotsa Getúlio Vargas pampando, Gomes anaimira chipani cha UDN pa chisankho cha pa 2 Disembala. Omutsatira sanadzivute ndi mfundo zambiri. Ankakopa anthu ponena kuti bamboyo ndi wooneka bwino, ndiponso ndi wosakwatira.

Nkhani imene anthu a ku Brazil amauzana ndi yakuti amayi omukonda, makamaka a ku Rio, anayamba kuphika timaswiti n'kumagulitsa pamisonkhano kuti kampeni ipeze ndalama. Amati nthawi imeneyo mkaka wa ng'ombe ndi shuga zinali zosowa, choncho anatembenukira ku mkaka wa m'chitini, wotsekemera uja timati kondensi, umene kampani ya Nestlé inkapanga m'tauni ya Araras kuyambira 1921. Kaphikidwe kake n'kosavuta mochititsa manyazi. Kondensi, koko ndi supuni ya batala, kutakasa pamoto wochepa mpaka phalalo liyambe kusiya pansi pa poto. Likazizira mumadzola mafuta m'manja, kuumba timibulu, n'kutigubuduza m'tinyenyeswa ta chokoleti. Anthu ankati akudya switi ya Brigediya, dzina n'kukhazikika: brigadeiro.

Mbali imene inandisowetsa tulo si ya chokoleti ayi. Ovota ndiwo ankapereka ndalama kwa wopikisana! Ine ndabadwira ndi kukulira kuno ku Chintheche, ndipo kuyambira 1994 ndalama ya kampeni ndaiona ikuyenda njira imodzi yokha, kuchoka m'galimoto kubwera pamene ndaima. Theka la malaya amene ndimapita nawo kunyanja lili ndi nkhope za anthu amene sindinawavotere. Pamene lamulo la zipani loletsa kugawa ndalama ndi katundu pokopa mavoti linayamba kugwira ntchito mu 2018, ndinaliyamikira mokweza pagulu, kenako ndinapita kunyumba kukakhala chete ngati wofedwa.

Tsono itafika nthawi yosankha komiti yoyang'anira gombe lathu, BVC ija imene imaona za maukonde oletsedwa, ndinati nane ndiime pa mpando, koma mwa njira ya ku Brazil. Za maonekedwe sindinade nkhawa. Mtonga ngakhale m'mimba muli kulira, tayi amakhala nayo, ndipo yanga ndi yofiira. Vuto linali pa mfundo yachiwiri ija, popeza mayi akunyumba alipo ndipo ali ndi thanzi labwino.

Ndinawapempha mwaulemu kuti asonkhanitse amayi anzawo andiphikire maswiti. Anapitiriza kusenda chinangwa osandiyang'ana.

"Abambo, amayi a ku Brazil aja ankaphikira munthu wosakwatira chifukwa aliyense anali ndi kachiyembekezo kake. Ine pa inu ndikuyembekezeranso chiyani, kupatula malowolo otsala aja?"

Ndinaona kuti nkhani ikulowera kolakwika, ndinatenga mthiko ndekha.

Kugolosale mtengo wa chitini cha kondensi unandibweza pakhomo. Koko analipo, koma wogulitsa anandiyang'ana ngati akudziwa kale kuti ndingofunsa. Pobwerera ndinayamba kuganiza mozama, chinthu chimene nthawi zonse chimandipweteketsa. Kodi chinangwa chathuchi kwawo n'kuti? Ku South America komweko, ndipo anabwera nacho ku Africa ndi Apwitikizi, omwe aja anasiya chilankhulo chawo ku Brazil ndiponso kutsidya la nyanja yathuyi, ku Niassa. Ndiye kuti kuyambira Tukombo mpaka Usisya, tonse odya kondowole takhala tikudya za ku Brazil tsiku ndi tsiku popanda wotiuza. Ufa wa kondowole ndi brigadeiro ndi pachibale, munthu ndi msuweni wake. Nanga kumata? Kondowole safuna kondensi kuti amate, ndi luso lobadwa nalo.

Panatsala mtundu wa chokoleti. Pamenepo nyanja inandiyankha. Mukaona chiutsi chikukwera pakati pa madzi ngati kwapsa tchire, si moto, ndi nkhungu, touluka tating'onoting'ono timene mphepo ikatikankhira kumtunda amayi amatikola ndi malichero n'kuumba zikeke zakuda bii. David Livingstone anazilawa paulendo wake wa panyanja ino mu 1861 ndipo anakhala moyo zaka zina khumi ndi ziwiri. Ndinati ngati mzungu wa ku Scotland anapirira, asodzi anzanga sangadandaule.

Ndinasakaniza ufa, nkhungu, majarini ndi shuga yense wa tiyi wa sabata imeneyo, ndinatakasa pambaula mpaka mthiko unakana kutuluka. Timibuluto tinaoneka bwino, ndisaname. Patali ndithu, madzulo, munthu wa ku Rio akanatha kundipatsa moni.

Msonkhano unachitikira pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi matandala oyanikapo usipa. Ndinafika ndi tayi ndi beseni, ndinalongosola mbiri yonse ya Brigediya, kenako ndinalengeza mtengo wa switi imodzi. Panali bata. Woyamba kulimba mtima anali siginala wina, mnyamata amene usiku wonse amakuwa panyanja kulondolera anzake kumene kuli usipa. Analuma. Kwa nthawi yoyamba chibadwire chake anakhala duu, nsagwada zitagwirana, maso okha akuyendayenda kupempha thandizo.

Mkulu wina, mwini ukonde wa chilimira, anatola imodzi, anainunkhiza, anaidina ndi chala.

"Ada, ichi n'chakudya kapena ndi phula lomatira bwato?"

Ndinayankha kuti ndi demokalase ya ku Brazil, kumene wovota amathandiza mtsogoleri wake. Mkuluyo anagwedeza mutu momvetsa, anatembenukira kwa anzake, ananong'onezana, kenako anabwera ndi yankho la gulu lonse: ali okonzeka kudya, koma ndiwapatsa zingati munthu mmodzi?

Kuvota kunali koima kumbuyo kwa amene ukumufuna. Nditacheuka ndinapeza mphwanga, amene zaka zake zovotera zinali zisanakwane, ndi galu amene ankatsatira beseni. Mayi akunyumba anaima kumbuyo kwa amene ndinkapikisana naye. Amati kumeneko ndiko kunali mthunzi.

Sindinataye mtima, pakuti Gomes nayenso anayesanso mu 1950, Vargas yemwe uja n'kumugwetsa, ndipo anamwalira mu 1981 asanalawe mpando wa pulezidenti kapena banja. Koma funso la mkulu uja linagwera m'makutu a anthu. Wina anayesa kumata mng'alu wa bwato lake ndi timibulu totsala, madzi sanalowe. Lero pagombe pathu bwato likayamba kuchucha mumamva akukuwa kuti, "Thamangira kwa Apampando!" Sakuitana ine, akunena timibulu tija. Sabata yatha kunabwera anthu ochokera ku Kande kudzafuna beseni lathunthu, ndipo analipira osanenerera. Ophika ndine, olandira ndalama ndi mayi akunyumba, ndipo akuti zonse zikupita kwa apongozi anga mpaka ngongole ija ithe.