Pusi wa Masiku Ano Amavala Tayi

Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Pusi ameneyo anali ndi mwayi, chifukwa anagwa kamodzi, nadzuka n'kusasa fumbi. Wa masiku ano amavala tayi, ndipo mtengo umene amakwera ndi tebulo la zakudya ku wekishopu ya ku Mangochi.

Tamuonani pamzere. Mpunga pang'ono, chipisi pambali, nkhuku yokazinga, chambo chosambira m'mafuta, pamwamba pake kambuzi, poti mwamuna saopa tsabola. Zaulere sasiya. Madzulo akutsitsira mowa ndi kanyenya, ndipo pofika 10 koloko wadziponya pabedi chagada, lamba ali chimangire. Pakati pa usiku moto buu pachifuwa, kukhosi kukubwera timadzi towawasa. Chilungulira chafika. Iye wayamba kale kukumbukira mnzake wa ku ofesi amene anamupatsira mbale uja akumwetulira mokayikitsa.

Palibe wamudyetsa kanthu, bwana. Pamene mmero umalumikizana ndi chifu pali kamnofu kamene kamatseguka chakudya chikamatsika, n'kutsekanso kuti asidi wogaya chakudya asabwerere. Mafuta ambiri, mowa, khofi ndi fodya zimakafooketsa kamnofuko. Chifu chikadzaza mopitirira, kapena chikapanikizidwa ndi lamba kaya mimba ya ubwana ija timaitamandira, asidi amakankhidwira m'mwamba. Munthu akakhala tsonga asidiyo amatsalira pansi, koma akangogona chagada wamulambulira msewu. Mmero ulibe chodzitetezera ngati chifu, ndiye umapsa.

Amayi oyembekezera tiwachotse pamlandu uwu, iwo chifu amawapanikizira ndi mwana. Mbatata nayo taikwezera milandu mokwanira, pamene ena timameza asipirini ndi ibuprofen m'mimba mulibe kanthu.

M'mawa pusi wathu amathamangira soda kapena mapiritsi a maginiziyamu, moto uzime. Ukangozima, masana ali pamzere pomwe paja, mbale m'manja. Malangizo enieni sakoma m'khutu: pakulani pang'ono, masulani lamba, dikirani maola 3 musanagone, ndipo kwezani kumutu kwa bedi.

Koma chilungulira chikamabwera sabata ndi sabata, chakudya chikamakakamira pakhosi, kapena ululu ukamafalikira kumkono ndi kunsagwada, siyani za soda, thamangirani kuchipatala. Matenda a mtima nawonso amatha kuyamba chotero.